Kutsata silikoni ku Sydney: zolemba za ulendo wa ku Port Kembla, Lucas Heights ndi Lindfield

Lamulungu, Sydney

Ndafika ku Sydney madzulo ano kudzera ku Johannesburg, ndipo msuweni wanga amene adakhazikika kuno ndiye wandichingamira pabwalo la ndege. Cholinga cha ulendowu ndi kuona malo amene asayansi amagwira ntchito ziwiri zimene ndakhala ndikungoziwerenga m'mabuku: kulekanitsa maatomu a silikoni potengera kulemera kwawo pogwiritsa ntchito laser, ndiponso kuyeza silikoni wochepetsetsa wobisala m'zitsulo pogwiritsa ntchito nyutroni. Kumudzi ndimagwira ntchito m'labotale yoyeza madzi, dothi ndi zitsulo, kotero mafunso anga ndi a munthu wozolowera botolo ndi sikelo.

Msuweni wanga wadabwa kuti munthu angawoloke nyanja chifukwa cha chinthu chopezeka mumchenga, ndipo kudabwa kwakeko n'komveka. M'miyala ndi m'nthaka ya pamwamba pa dziko lapansi, silikoni amaposedwa ndi okisijeni yekha, ndipo amatenga pafupifupi 28 peresenti ya kulemera kwake. Ali m'dongo, m'galasi, m'simenti ndi m'fumbi louluka. Kuchulukako ndiko kumasautsa woyeza, chifukwa ukafuna kudziwa ngati m'chitsulo muli silikoni wokwana gawo limodzi pa magawo miliyoni, fumbi lolowera pawindo likhoza kukupatsa yankho labodza. Silikoni wa m'chilengedwe alinso ndi mitundu itatu ya maatomu, imene amaitcha ma isotope: silikoni-28 amene ndi pafupifupi 92.2 peresenti, silikoni-29 amene ndi 4.7 peresenti, ndi silikoni-30 amene ndi 3.1 peresenti. Itatu yonseyi imachita zofanana ikakumana ndi asidi kapena moto, pakuti kusiyana kwake kuli pa nyutroni imodzi kapena ziwiri, tinthu topanda magetsi ta mkatikati mwa atomu.

Lolemba, Port Kembla

Ndayambira kumene silikoni amayezedwa tsiku lililonse popanda mwambo wambiri. Sitima yochokera ku siteshoni ya Central mu Sydney imatsata gombe la nyanja, mapiri ali kudzanja lamanja, mpaka ku Wollongong, ndipo fakitale ya zitsulo ya Port Kembla, imene lero ndi ya kampani ya BlueScope, imaonekera patali ndi machumuni ake. Chitsulo chidayamba kusungunulidwa pamalopa mu 1928.

Bambo amene amatiyendetsa adagwirapo ntchito pang'anjo asanapume. Iwo anafotokoza kuti silikoni amalowa m'ng'anjo pamodzi ndi miyala ya chitsulo ndi makala, ndipo wambiri amagwirana ndi laimu n'kutuluka ndi nyansi zoyandama pamwamba, koma wina amatsalira m'chitsulo chamadzi. Ng'anjo ikatentha kwambiri silikoni wotsalirayo amakwera, ikayamba kuzizira amatsika, kotero oyendetsa ng'anjo amayang'ana nambala yake kuti adziwe mmene zinthu zilili mkati mmene diso silingafike. Pamene chitsulocho akuchiuzira okisijeni kuti chiyere, silikoni amapsa msanga n'kuwonjezera kutentha, ndipo pamapeto amathiramonso silikoni wina mwadala kuti amwe okisijeni wotsala. Zitsulo za m'matransifoma zimakhala ndi silikoni pafupifupi 3 peresenti, woikidwamo kuti magetsi asamatayike ngati kutentha.

Anandigwiritsa kachitsulo kophwatalala kozungulira, kokwana m'chikhatho, kokhala ndi kamchira kumene kadadulidwira. Nkhope yake imodzi inali yopalidwa bwino, ndipo panali timadontho takuda topserera pamene makina adawombapo mphezi yamagetsi. Mpheziyo imasandutsa kachigawo ka chitsulo kukhala nthunzi yowala, makinawo n'kuwerenga mitundu ya kuwalako, ndipo m'mphindi zochepa nambala ya silikoni, manganese ndi kaboni yafika kwa woyendetsa ng'anjo. Njirayi ndi yokwanira pa ntchito yawo, komabe makinawo sadziwa kanthu paokha: amangofanizira ndi zitsulo zina zimene munthu wina adaziyeza kale mwa njira ina. Funso limene ndabwera nalo m'sitima pobwerera ndi lakuti munthu woyambayo adayeza bwanji, makamaka pa zitsulo zoyera kwambiri monga niobium, molybdenum ndi tungsten.

Lachiwiri, Lucas Heights

Lucas Heights ili pa mtunda wa makilomita oposa 30 kum'mwera chakumadzulo kwa mzinda, pakati pa tchire la mabulugamu. Ndinatsika sitima ku Sutherland n'kumaliza ulendo pabasi. Pano ndi pamene pali bungwe la boma lofufuza za nyukiliya la ANSTO ndi reactor (makina oswa maatomu a yuraniyamu) yokhayo imene ikugwira ntchito m'Australia, yotchedwa OPAL. Idamangidwa ndi kampani ya INVAP ya ku Argentina, idatsegulidwa mu 2007 kulowa m'malo mwa reactor yakale ya HIFAR imene idayamba ntchito mu 1958, ndipo mphamvu yake ndi mamegawati 20. Sipanga magetsi. Ntchito yake ndi kutulutsa nyutroni zopangira mankhwala a m'zipatala, zofufuzira zinthu, ndi zokonzera silikoni.

Mayi wotiyendetsa anatipatsa chibenthu cha silikoni kuti tichigwire. Ndi chotuwa chonyezimira, chopepuka kuposa mmene maso amayembekezera, ndipo m'mbali mwake mmene chidasweka ndi mwakuthwa. Makampani amatumiza kuno zipilala zathunthu za silikoni woyera, amaziika pafupi ndi mtima wa reactor, n'kumazizunguza pang'onopang'ono kuti nyutroni zifike paliponse mofanana. Atomu ya silikoni-30 ikameza nyutroni imasanduka silikoni-31, amene sakhalitsa: theka lake limatha m'maola pafupifupi 2.6, ndipo atomu iliyonse ikamatha imatulutsa elekitironi n'kukhala fosforasi-31. Motero fosforasi amabadwira mkati mwa chipilala, womwazika mofanana kuposa mmene kusakaniza m'ng'anjo kungathere, ndipo silikoni wotere ndi amene amapita m'zipangizo zolamulira magetsi amphamvu za m'sitima, m'magalimoto amagetsi ndi m'mawaya otumiza magetsi kutali. OPAL ndi imodzi mwa malo otsogola padziko lonse pa ntchito imeneyi, ndipo reactor ya SAFARI-1 ya ku Pelindaba, pafupi ndi Pretoria, nayonso yagwirapo ntchito yomweyi.

Ndinafunsa kuti, "Mayi, nanga atakubweretserani silikoni-28 yekhayekha, mungamukonze?" Anaseka n'kunena kuti ameneyo angakhale kasitomala wowononga ndalama zake, popeza popanda silikoni-30 palibe chimene chingasanduke fosforasi. Ndalemba yankholi chifukwa likukhudza zimene ndikaone Lachinayi, kumene ma isotope olemerawo ndi zinyalala zofunika kuchotsa.

Lachitatu, Sutherland

Tsiku lalero ndi limene ndaphunzira zambiri, ngakhale sindinalowe m'nyumba ya makina iliyonse. Kudzera mwa mnzake wa msuweni wanga ndinakumana ndi bambo wachikulire amene adagwira ntchito ya kemisitiri ya zinthu zotulutsa cheza mpaka atapuma, ndipo tinacheza pakhonde la nyumba yake. Anatulutsa kapu yoyera ya pulasitiki ya PTFE, yakale, yokandikakandika m'kati, ndi kope la mapepala a mizere mmene mudali timadontho tapensulo totsetsereka mu mzere woongoka.

Njira zimene ine ndimadziwa anazitchula poyamba. Yakalekale ndi kusungunula chitsulo m'asidi, kuumitsa silika (silikoni wogwirana ndi okisijeni), kumuwotcha, kumuyeza pasikelo, kuthira asidi wa hydrofluoric kuti silika auluke, n'kuyezanso kuti uone chimene chachoka. Ina ndi ya molybdenum, imene madzi amasanduka obiriwira ngati thambo malinga ndi kuchuluka kwa silikoni. Zonsezi zimagwa pa chinthu chimodzi silikoni akachepa kwambiri: asidi wako, madzi ako, botolo lako lagalasi ndi mpweya wa m'chipinda zimabweretsa silikoni woposa amene ukumufuna.

Kuyeza ndi nyutroni, kumene George de Hevesy ndi Hilde Levi adayambitsa ku Copenhagen mu 1936, kumazemba msampha umenewu mwanzeru. Kachitsulo kamalowa mu reactor kasanakhudzane ndi asidi aliyense, pamodzi ndi silikoni wodziwika kulemera kwake woti ufanizire naye. Silikoni-30 wa m'kachitsuloko amasanduka silikoni-31, monga ndidaonera dzulo. Katuluka, woyeza amasenda khungu lake ndi asidi kuti achotse fumbi limene lidalowa nako, ndipo kuyambira pamenepo silikoni aliyense wogweramo alibenso kanthu, chifukwa sadalowe mu reactor ndipo satulutsa cheza. Woyeza amathiramo ngakhale silikoni wamba wochuluka mwadala, woyezedwa bwino, kuti anyamule maatomu ochepa otulutsa chezawo pa ulendo wonse wa m'makapu, ndipo akamuyezanso pamapeto amadziwa gawo limene latayika panjira.

Ndinafunsa chifukwa chimene amavutikira ndi makapu m'malo mongoika kachitsuloko pamakina owerenga cheza. "Inu mwayendapo ku Port Kembla," anayankha bamboyo, "ndiye mukudziwa kuti chitsulo chopanda manganese n'chosowa." Manganese akameza nyutroni amasanduka manganese-56, amene theka lake limatha m'maola 2.58, pamene la silikoni-31 limatha m'maola 2.62. Kudikira sikungawalekanitse, popeza amatha pa liwiro limodzi. Manganese amameza nyutroni mwaumbombo kuposa silikoni-30 maulendo oposa 100, ndipo ndi atomu iliyonse ya manganese imene ingatero, pamene silikoni-30 ndi maatomu atatu okha pa 100 aliwonse. Kuwonjezera apo, silikoni-31 amatulutsa cheza cha gamma mwa apo ndi apo, kosakwana kamodzi pa maatomu 1,000, ndiye chimene chimawerengeka kwenikweni ndi maelekitironi ake, amene makina sangawasiyanitse bwino ndi a maatomu ena. Palibe kuchitira mwina koma kumutulutsa silikoniyo ndi manja: kusungunula, kuthira asidi wa hydrofluoric m'ziwiya zosakhala zagalasi, kumuulutsa ngati mpweya wa SiF4 (silikoni wogwirana ndi fluorine), kumugwira m'madzi ena, n'kumuwerenga ali yekha. Zonsezi zimachitika kuseri kwa khoma la mtovu ndiponso mothamanga, chifukwa pakadutsa maola 26 pamatsala gawo limodzi lokha pa magawo 1,000.

Mzere wa m'kope uja ndiwo udali umboni. Ngati madontho atsetsereka pa liwiro la maola 2.6 ndipo kemisitiri yachotsa manganese, woyeza amakhulupirira kuti wagwira silikoni. Komabe padali mdani wina amene kemisitiri singamuchotse: nyutroni zothamanga kwambiri zikagunda fosforasi-31 zimamusandutsa silikoni-31 yemweyo, kotero chitsulo chokhala ndi fosforasi chimaoneka ngati chili ndi silikoni amene chilibe. Chifukwa chake amasankha malo a mu reactor amene nyutroni zafatsa kale, monga m'madzi olemera (heavy water) ozungulira mtima wa OPAL, n'kuyezanso fosforasi payekha kuti achotsere gawo lake. Masiku ano malabotale ambiri amayeza zitsulo zoyera ndi makina olekanitsa maatomu potengera kulemera, ndipo anthu odziwa ntchito ya makapuyi akucheperachepera. Ine ndikuona kuti kutayika kwa luso limeneli ndi kwa mtengo, chifukwa njira ziwiri zosadalirana zikagwirizana mpamene nambala imayenera kukhulupiriridwa.

Lachinayi, Lucas Heights ndi Kensington

Kampani ya Silex Systems ili mkati mwa mpanda womwewo wa Lucas Heights, koma kumeneko mlendo salowa, ndipo chifukwa chake ndi yuraniyamu. Njira yake ya laser, yotchedwa SILEX, idapangidwa ndi Michael Goldsworthy ndi Horst Struve m'zaka za m'ma 1990 kuti izilekanitsa yuraniyamu-235, amene m'chilengedwe ndi 0.7 peresenti yokha pamene ma reactor ambiri amafuna 3 mpaka 5 peresenti. Mu 2001 boma la America lidaika tsatanetsatane wa njirayi m'gulu la zinsinsi za nyukiliya. Mu 2012 kampani ya Global Laser Enrichment idapatsidwa chilolezo chomanga fakitale yogwiritsa ntchito njirayi ku Wilmington, m'boma la North Carolina, ndipo kuyambira mu 2021 eni ake ndi Silex ndi kampani ya Cameco ya ku Canada. Izi zidachitika America itasiya kale mu 1999 njira yake ya laser yotchedwa AVLIS, imene idadya ndalama zambiri ku labotale ya boma ya Lawrence Livermore. Nkhaniyi si yakutali kwa ife: mgodi wa Kayelekera ku Karonga udatsegulidwa ndi Paladin mu 2009 n'kugulidwa ndi Lotus Resources mu 2020, makampani onse awiri a ku Australia, ndipo yuraniyamu wochoka kumeneko amayenera kudutsa m'fakitale yolekanitsa ma isotope asanalowe m'ma reactor ambiri. Chinsinsicho ndikuchimvetsa, pakuti makina olekanitsa bwino m'malo aang'ono ndi ovutanso kuwalondera.

Mfundo yaikulu ya njira za laser, komabe, ili poyera. Mayi wopeta mpunga amadalira kuti mankhusu ndi opepuka kwambiri kuposa njere, ndipo makina ozunguza mpweya mothamanga, amene akhala akugwiritsidwa ntchito ku Russia kupangira silikoni-28, amadaliranso kulemera, kungoti kusiyana kwake n'kochepa kwambiri moti mpweyawo uyenera kudutsa m'makina ambiri motsatizana. Laser imagwira pena. Maatomu a mu molekyulu (kagulu ka maatomu ogwirana) amanjenjemera, ndipo liwiro la kunjenjemerako limatsika pang'ono ngati atomu imodzi ili yolemerapo. Kuwala kwa laser kuli ndi mtundu umodzi wolunjika, choncho kukhoza kuchunidwa kuti kumezedwe kwambiri ndi mamolekyulu okhala ndi isotope imodzi, enawo n'kudutsidwa. Ofufuza a ku Japan adaonetsa zimenezi m'zaka za m'ma 1980 ndi mpweya wina wa silikoni ndi fluorine, Si2F6, ndi laser ya carbon dioxide, imene kuwala kwake kuli pafupi ndi mamaikirometa 10: mamolekyulu okhala ndi silikoni-29 ndi silikoni-30 ankameza kuwala kochuluka mpaka kusweka n'kutuluka ngati SiF4, ndipo mpweya wotsala unkalemera ndi silikoni-28.

Masana ndinapita ku Kensington, ku yunivesite ya UNSW, kumene kuli ofuna silikoni-28 ameneyu. Mu 1998 Bruce Kane, ali pa yunivesiteyi, adalemba ganizo la kompyuta ya quantum yosunga uthenga mu atomu imodzi ya fosforasi yokwiriridwa m'silikoni. Gulu la Michelle Simmons lidapanga transistor ya atomu imodzi mu 2012. Chosokoneza ndi silikoni-29, chifukwa mtima wake uli ndi kamaginito kamene kamagwedeza uthengawo mpaka kuufufuta, pamene silikoni-28 alibe. Mu 2014 gulu la Andrea Morello, pogwiritsa ntchito silikoni-28 wochokera kwa Kohei Itoh wa ku yunivesite ya Keio, lidasunga uthenga wotere kwa masekondi oposa 30. Kumapeto kwa 2019 Silex idayamba ntchito yopanga silikoni-28 ndi laser mogwirizana ndi UNSW ndi kampani ya Silicon Quantum Computing, kuti asamadalire gwero limodzi lakunja. Chimene ndinaona pa zonsezi n'chakuti wogula sangalandire mawu a wolekanitsa popanda muyeso, ndipo mpweya wa fluoride ukamasandutsidwa silikoni wolimba, silikoni wamba wa m'mapaipi ndi m'ziwiya akhoza kulowamo n'kubweza silikoni-29 amene adachotsedwa movutikira.

Lachisanu, Lindfield

Ku Lindfield, kumpoto kwa doko, kuli bungwe la boma loona za miyeso la National Measurement Institute, ndipo pamalo omwewa mpamene akatswiri a magalasi a bungwe la boma lofufuza za sayansi la CSIRO, mmodzi wa iwo Achim Leistner, adasalaza mipira iwiri ya silikoni-28 ya ntchito ya Avogadro, yowerenga maatomu pofuna kutanthauzira kilogalamu mwatsopano. Kuyambira mu 1889 kilogalamu idali kachitsulo ka platinamu ndi iridium kosungidwa ku Sèvres, pafupi ndi Paris, ndipo miyala ya sikelo ya dziko lililonse, kuphatikizapo imene a Malawi Bureau of Standards amayezera masikelo a m'misika mwathu, mzere wake unkathera pa kachitsulo kameneko. Ofufuza adafuna kumanga kilogalamu pa chinthu chosasintha, ndipo njira imodzi idali kuwerenga maatomu a mu mpira wa silikoni.

Silikoniyo adalekanitsidwa ku Russia ndi makina ozunguza aja, adayeretsedwa ku Nizhny Novgorod, ndipo mu 2007 adakulitsidwa ku Berlin kukhala kristalo imodzi ya silikoni-28 wokwana pafupifupi 99.995 peresenti. Mpira uliwonse ndi wa kilogalamu imodzi ndipo m'mimba mwake ndi pafupifupi mamilimita 93.7. Ndaonetsedwa mpira woyeserera wa silikoni wamba uli pansi pa chivindikiro chagalasi. Ndi wosalala moti diso silipeza pogwira, limangoona nkhope yako ndi nyali za padenga zitapindika. Masamu ake ndi osavuta kunena: yeza kukula kwa mpira, yeza kabokosi kamodzi ka kristalo kamene m'mbali mwake ndi pafupifupi nanomita 0.543 ndipo kamasunga maatomu 8, n'kugawa. Chovuta ndi kutsimikiza chimene chili mkatimo, popeza atomu iliyonse yachilendo imasintha kulemera.

Apa mpamene nkhani za sabata ino zakumana. Ofufuza a bungwe la INRIM la ku Italy adayeza silikoni-30 wotsalira mu kristaloyo pomusandutsa silikoni-31 mu reactor ya ku Pavia, ndipo mogwirizana ndi a ANSTO adagwiritsa ntchito OPAL kufufuza zitsulo ndi maatomu ena obisala m'menemo. Kwa bambo wa ku Sutherland uja chitsulo ndicho chidali chachikulu ndipo silikoni ndiye ankafunidwa. Pano silikoni ndiye wamkulu ndipo zitsulo ndizo zimafunidwa, ndipo ntchito imapepuka chifukwa silikoni-31 amatha msanga n'kusiya cheza cha zitsulozo chikuoneka bwino. Zotsatira za mipirayi zidagwirizana mokwanira ndi za sikelo ya Kibble, yoyeza kulemera pogwiritsa ntchito magetsi, mayiko adavota ku Versailles pa 16 Novembala 2018, ndipo kuyambira pa 20 Meyi 2019 kilogalamu imatanthauziridwa kudzera mu nambala ya Planck, nambala yosasintha ya m'chilengedwe.

Loweruka, Sydney

Lero ndakhala pakhomo ndikukonza zolemba ndi kulongedza. Reactor ndi laser sizili m'manja mwa labotale ngati yathu, koma zina mwa zimene ndamva Lachitatu zikhoza kuyamba sabata yamawa. Pa njira ya molybdenum ndisiyiratu mabotolo agalasi, madzi ndi asidi ndizisunga m'pulasitiki, ndipo pa gulu lililonse la zoyezedwa ndiziyendetsa makapu angapo opanda chitsulo kuti ndione silikoni amene zipangizo zanga zikubweretsa. Fosforasi amasokonezanso njira imeneyi, chifukwa nayenso amagwirana ndi molybdenum n'kupereka mtundu womwewo, choncho asidi wa oxalic ayenera kuthiridwa pa nthawi yake, silikoni atagwirana kale. Ndalembera kalata kampani ina yogulitsa zitsulo zoyezedwa kale zokhala ndi satifiketi, ndipo ndawapempha kuti anditumizire mitengo ya zitsulo za silikoni wochepa pamodzi ndi maina a njira zimene adaziyezera.